Mwana wabwereranso pa chiponde

Lolemba ndi tsiku la sikelo. Kuno kumunsi kwa Khwekhwelere, m'dera la Inkosi Kachindamoto, mzere wa mu Febuluwale umatalika kuposa wa miyezi ina yonse, chifukwa malungo, kutsegula m'mimba ndi njala zimafika nthawi imodzi. Pomwe 7 koloko imakwana amayi amakhala atadzaza kale pansi pa mtengo wa mango, ife alangizi a zaumoyo tikukoloweka sikelo panthambi.

Chimene chimagwira msanga mwana wonyentchera ndi lamba wa pamkono, amene timayezera ana a miyezi 6 mpaka 59. Timamuzunguliza pamkono wamanzere, pakatikati pa phewa ndi chigongono, mkonowo utatsitsidwa. Akagwera pofiira ndiye kuti sanafike masentimita 11.5. Pachikasu ndi kuyambira 11.5 koma osafika 12.5, ndipo kuchokera apo ndi pobiriwira. Odzipereka atsopano amalakwitsa pawiri: kukoka lamba mpaka kulowa m'mnofu, kapena kuyeza mwana atapinda mkono akulira. Tikatha apo timadina pamwamba pa mapazi onse awiri ndi chala chachikulu kwa masekondi atatu. Pakatsala kadzenje mbali zonse ziwiri, mwanayo watupikana, ndipo ngakhale lamba atagwera pobiriwira, ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo.

Sabata ino wofiira anapezeka mmodzi, mtsikana wa miyezi 19, masentimita 11.2. Buku lake likusonyeza kuti anatuluka pa chiponde, chakudya cha kuchipatala chochizira ana onyentchera kwambiri, mu Novembala ali pa 12.7. Anabwera naye ndi agogo ake.

"Agogo, mayi a mwanayu ali kuti?"

"Ali kuganyu kusikimu, adokotala. Achoka kusanache."

"Nanga bambo ake?"

"Iii, a ku Joni aja? Chipitireni chaka chatha, ngakhale foni."

M'midzi amatitcha adokotala, ndipo kuwakonza tinatopa nako.

Tinalemba kalata yopita kuchipatala chaching'ono cha dera lathu. Kumeneko amayamba aona ngati mwana akudya: amamupatsa chiponde pomwepo, womusamalira atamufungata. Akadya bwino ndipo alibe vuto lina loopsa, amalandira n'kumakadyera kunyumba. Akakana, kapena akusanza chilichonse, kapena ali lefuu, amagonekedwa ku NRU, wodi ya ana onyentchera. Amamuyezanso malungo ndi HIV, n'kumupatsa amoxicillin. Paketi imodzi ya chiponde ndi magalamu 92, ndipo amawerengera potengera kulemera kwa mwana: wa makilogalamu 7 amadya pafupifupi mapaketi atatu patsiku. Mbali imeneyi ilibe chinsinsi, chiponde chimagwira ntchito. Chimene buku silinena n'chakuti mwanayu wabwereranji.

Lachiwiri tinapita kunyumba kwawo limodzi ndi mayi wina wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzimo, njinga tikuchita kukankha m'matope. Choyamba kuona chinali kalata yathu ija, yopindidwa kanayi, atayisomeka kudenga kuti isanyowe. Sanapite. Agogo sangayende mtunda umenewo ndi mwana kumsana, ya kabaza palibe, ndipo mayi akajomba kuganyu tsiku limodzi nyumba yonse igona ndi njala. Izi zimachitika kawirikawiri moti kalata imene sitinayitsatire pasanathe masiku awiri timayiwerenga ngati sinalembedwe.

Ndalama ya kabaza inachokera ku banki mkhonde ya m'mudzimo. Magulu amenewa, kupatula masheya amene amabwereketsana pa chiwongoladzanja, amasonkha kandalama kapadera sabata iliyonse ka zadzidzidzi, ka maliro ndi matenda. Kathumba kameneka sikabala phindu, ndipo m'magulu ambiri ndi ka mamembala okha. Mayi a mwanayu si membala, chifukwa wosauka weniweni sakwanitsa sheya ya sabata ndi sabata. Gulu ili linagwirizana kale ndi amfumu kuti mwana wa lamba wofiira kapena mayi wapakati amene wayamba kutaya magazi azithandizidwa kaya ndi membala kaya ayi, abale adzabweze akakolola. Chimene timaletsa ndi kutenga ngongole ya masheya kuti munthu apitire kuchipatala. Chiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi sichidikira kuti wodwala achire, ndipo mathero ake amakhala kulandidwa mbuzi kapena malata.

Pakhomopo pali anthu asanu ndi awiri: agogo, mayi ndi ana asanu. Chimanga chinatha mu Disembala. Akudya kamodzi, madzulo, zimene mayi wabwera nazo kuchokera kominda ya mpunga. Munda wawo womwe sunapaliridwe kachiwiri, udzu wafika m'chiuno, ndiye kuti njala ya chaka chamawa yabzalidwa kale. Chimbudzi chinagwa ndi mvula ya mu Januwale, monga zimachitira m'dothi lamchenga la kuno. Neti ilipo imodzi, yobowoka, ndipo amagonamo agogo ndi ana awiri. Madzi akutunga kumtsinje chifukwa mjigo unafa masabata atatu apitawo. Mwanayo wakhala akutsegula m'mimba mwa apo ndi apo kuyambira nthawi yomweyo.

Za chiponde cha ulendo woyamba mayi sanabise titawapeza madzulo. Chinkasungunulidwa m'phala la ana onse. Mayi sangadyetse mwana mmodzi ena anayi akumuyang'ana pakamwa, ndipo kumukalipira n'kungodzitopetsa. Kuchipatala amapempha kuti mapaketi opanda kanthu azibwezedwa, koma njira imeneyo imagwira wogulitsa pamsika, wogawira ana ake siimugwira. Chimene chimathandizako ndi kugwirizana nawo nthawi: wodwalayo adye chiponde chake akuluakulu atapita kusukulu kapena kosewera, osachisakaniza ndi china chilichonse, amupatse madzi otetezedwa akamadya chifukwa chimaumitsa kukhosi. Phala la onse aliwonjezere mphamvu ndi zimene zilipo, nsinjiro, bonya wosinja, nkhwani kapena bonongwe wosinja, poti masamba mwezi uno ali mbwee. Amene ali ndi soya amakazinga n'kugayitsa makapu anayi a chimanga pa kapu imodzi ya soya. Tchati cha magulu 6 a zakudya ndinachisiya m'chikwama. Kuchitambasula pakhomo popanda ufa kuli ngati kuwaseka.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti banja lotere bwanji silili pa Mtukula Pakhomo. Ndondomekoyi inayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo imafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi: banja likhale losaukitsitsa, komanso lopanda wogwira ntchito. Kupanda wogwira ntchito kumatanthauza kuti palibe munthu wa zaka 19 mpaka 64 wamphamvu zake, kapena kuti wamphamvu mmodzi akusenza anthu opitirira atatu. Mayi uyu akusenza asanu ndi mmodzi, choncho lero akuyenera. Koma pamene ankalemba kaundula bambo anali pakhomo, ndipo malo ndi ochepa, pafupifupi banja limodzi pa mabanja 10 aliwonse. Kulemba kwatsopano sikuchitika chaka chilichonse. Chimene tingachite ndi kupereka dzina ku komiti ya m'mudzi yoona za Mtukula Pakhomo ndi kwa mlangizi wa zachisamaliro cha anthu, osalonjeza kanthu. Mlangizi amene amauza banja kuti "mulowa" amadzipalira yekha moto, chifukwa mwezi wamawa adzamufunsa iyeyo, osati ofesi. Khomo lofulumirako ndi la chimanga cha nyengo ya njala, chimene mayina ake amadzera ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Wapampando wake tinamupeza tsiku lomwelo ndi buku la mwana m'manja.

Lachitatu linathera pamjigo. Ndi wa mtundu wa Afridev, monga ili mijigo yambiri m'Malawi muno, ndipo matenda ake amadziwika ndi zizindikiro. Ukamapopa nthawi yaitali madzi n'kumatuluka pang'onopang'ono, ndiye kuti yatha ndi U-seal, kalabala ka pa pulanja. Ukamafunika kupopa kambirimbiri m'mawa madzi asanayambe kutuluka, valavu ya pansi ikudontha, kawirikawiri ndi bobini kapena O-ring, timalabala ta pa valavuyo. Chogwirira chikamagwedera uku ndi uku, mabushi apulasitiki adyeka, ndipo akachedwa kusinthidwa zitsulo zimayamba kudyana zokhazokha, mtengo n'kukwera. Wathuwu unayamba ndi chizindikiro choyamba mu Disembala, anthu n'kumangopopa mwamphamvu mpaka unasiyiratu. Timalabala timeneti n'totsika mtengo. Vuto linali m'bokosi la komiti ya pamjigo: m'kope muli mayina a mabanja amene anasonkha, ndalama palibe, msungichuma anabwereketsa mlamu wake wa feteleza. Pamsonkhano tinagwirizana kuti aliyense wotunga asonkhenso pofika Lachisanu, ndalama zizisungidwa ndi anthu awiri, ndipo ziziwerengedwa pagulu mwezi uliwonse. Za mlamuyo anazitenga amfumu.

Podikira, tinagawa kolorini. Timasungunula supuni yaikulu imodzi ya ufa wa kolorini wotchedwa HTH, magalamu 15, m'lita imodzi ya madzi, n'kusiya kuti zinyalala zake zikhazikike. Mwa madzi amenewa banja limathira kasupuni ka tiyi kamodzi m'ndowa ya malita 20, kuvundula, kuvindikira, n'kudikira mphindi 30. Madzi a kumtsinje mwezi uno ndi amatope, choncho ayambe asefa pa nsalu yoyera ndi kuwadikira akhazikike, apo ayi kolorini amathera m'matopemo. Botolo lisakhale padzuwa, ndipo lisakhale la zakumwa lopanda chizindikiro pamene ana afikira. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, anthu a kunyanja kuno sanayiiwale, moti kolorini salimbana naye monga kale. Amangodandaula fungo.

Nkhani ya Lachinayi inatulukira pakhomo lomwe lija. Mwana woyamba, mtsikana wa zaka 14 wa Sitandade 6, anasiya sukulu mu Januwale kuti azilera mng'ono wake mayi akapita kuganyu. Mayi wa komiti uja ndi amene anatinong'oneza kuti pali msodzi wina amene wayamba kubweretsa nsomba ndi sopo pakhomopo, ndipo atsibweni a mtsikanayo sakukana. Lamulo ndi lomveka: la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti makolo asamavomereze ukwati wa mwana wosafika pamenepo. Dera lino linatchuka dziko lonse pamene Inkosi Theresa Kachindamoto ankathetsa maukwati a ana ndi kuimitsa mafumu owalekerera. Chifukwa cha chimenecho masiku ano palibe amene amati ndi ukwati. Amati "akungomuthandiza".

Nkhani yotere mlangizi wa zaumoyo sayendera yekha. Tinaitana woona za chitetezo cha ana wa dera lino ndi amayi awiri a gulu la amayi la pasukulu, n'kuyambira kwa amfumu. Kuyamba ndi mayi a mwana n'kulakwitsa, chifukwa kuno mwini mbumba ndi atsibweni, ndipo mukawadumpha amakuvomerani pamaso, usiku mwana n'kumuwolotsera kwa abale kwina.

"Amfumu, ife sitinabwere ndi mlandu," anatero mayi wina wa gulu lija. "Tabwera kuti mwana abwerere m'kalasi Lolemba."

Atsibweni anayankha moona: "Abwerere, nanga wamng'onoyu atsala ndi yani? Agogowa maso anafooka. Mundiuze zimenezo kaye."

Funso limeneli ndi limene linatenga nthawi. Sukulu ya mkombaphala ya m'mudzimo imalandira ana a zaka zitatu kupita m'tsogolo, ndiponso inatseka chifukwa ufa wa phala unatha. Pamapeto pake mayi wina woyandikana nawo, amenenso ali ndi mwana wamng'ono, anavomera kumakhala naye m'mawa mpaka sukulu itaweruka, ndipo iyeyo ndi amene tamuphunzitsa kadyetsedwe ka chiponde ndi kayezedwe ka lamba. Gulu la amayi lipereka makope ndi nsalu zosamba za kumwezi. Msodzi uja aitanidwa kubwalo, ndipo woona za chitetezo cha ana watsegula fayilo, chifukwa ngati wagona naye kale imeneyo si ya kubwalo la amfumu, ndi ya kupolisi ndi kuchipatala. Mtsikanayo tinamulembera nambala ya foni yothandiza ana ya 116 mkati mwa chikuto cha kope, ndi yaulere.

Madzulo ake tinatsatira anthu awiri amene anadumpha tsiku lolandira ma ARV. Mmodzi ali kugombe ndi asodzi anzake, tinasiya uthenga kwa womuyang'anira amene anamulembetsa kuchipatala, osatchula za mankhwala kwa wina aliyense. Winayo mankhwala ali nawo koma anasiya kumwa, akuti pamimba popanda kanthu amamuzunguza mutu. Mankhwala a masiku ano amamweka ngakhale usanadye, tinamufotokozera, koma dzina lake nalonso tinalipereka kwa wapampando wa chimanga uja.

Lachisanu ndi la malipoti. Fomu ili ndi malo a ana amene tayeza, a malungo, a chibayo, a otsegula m'mimba, a mankhwala otsala, ndi a amene tatumiza kuchipatala. Mjigo, banki mkhonde ndi mtsikana wa Sitandade 6 zilibe bokosi, timazilemba m'kope lathu. Pa ndondomeko ya boma mlangizi mmodzi amayenera kuyang'anira anthu 1,000, koma ambiri a ife tili ndi opitirira apo, ndipo banja limodzi ili latenga masiku atatu mwa asanu. Ana atatu amene lamba anawagwira pachikasu Lolemba sitinawayendere, awayendera amayi a komiti.

Buku la mwana linabwera masana ndi wa kabaza: anadya chiponde bwinobwino, malungo anamupeza nawo ndipo wayamba LA, HIV alibe, abwererenso Lachitatu. Ya kabaza ya Lachitatulo sinapezeke. Zosonkha za mjigo zakwana za U-seal ndi bobini, mabushi adikira, ndipo mekaniki wa dera wati afika Loweruka mvula ikapanda kudzaza mtsinje.