Singapore mu Disembala: mzinda woyendamo mvula ili pakati

Aliyense amene akukonza zopita ku Singapore kumapeto kwa chaka ndimamuuza kuti asadalire dzuwa pokonza ulendo wake. Mzindawu uli pafupi kwambiri ndi ikweta, ndipo mvula imagwa mwezi uliwonse, yopitirira mamilimita 2,000 pa chaka. Kuyambira Novembala mpaka Januwale ndiye imachita kukhuthuka. Kawirikawiri kumacha bwinobwino, dzuwa n'kuswa mtengo, thukuta lili kamukamu. Ikamakwana 2 kapena 3 koloko masana kumwamba kumada bii, mabingu n'kuyamba, kenako chimvula. Nthawi zina imakata pakangotha ola limodzi. Koma mphepo ya monsoon, imene imabweretsa mvula ya nyengoyi, ikabwera ndi mphamvu, imatha kugwa masiku angapo osapuma.

Eni mzindawo sathamanga mvula ikayamba, ndipo sindinachedwe kuona chifukwa chake. Mu 1822, Stamford Raffles, Mngelezi amene anayambitsa doko la Britain pamalowa, analamula kuti nyumba zamalonda zam'mbali mwa misewu zikhale ndi makonde olumikizana, kuti oyenda pansi asamapse ndi dzuwa kapena kunyowa. Makondewo alipobe ku Chinatown ndi ku Little India. Ndi opapatiza, ndipo pansi pake sipofanana chifukwa nyumba iliyonse ili ndi msinkhu wake. Umakwera sitepe apa, n'kutsika apo, kuzemba matumba a anyezi, kudutsa pansi pa nkhata za maluwa zopachikidwa pakhomo la sitolo, madzi akutsika padenga pambali pako koma osakukhudza. Omanga a masiku ano anangopitiriza nzeru yomweyo. Pali tinjira tofoleredwa tochokera pa siteshoni ya sitima kukafika pa siteji ya basi mpaka kunyumba za anthu. Kuchokera pa siteshoni ya City Hall munthu amayenda pansi pa nthaka mpaka ku Esplanade kapena ku Suntec City osaona kumwamba.

Alendo ambiri mvula ikagwa amathamangira kumasitolo akuluakulu a ku Orchard Road. Ndinapitako, koma sindinakhalitse. Zovala, mafoni ndi mafuta onunkhira n'zomwezo m'nyumba iliyonse. Chimene ndingakulangizeni n'chakuti mutenge juzi, ngakhale zikumveka zoseketsa m'dziko lotentha chonchi. Makina oziziritsa mpweya amawatsegula mwamphamvu, ndiye ukalowa ndi malaya onyowa umayamba kunjenjemera. Potuluka, magalasi am'maso amachita nkhungu moti umayamba waima n'kuwapukuta.

Malo amene ndinatherako masana onse osazindikira ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Asian Civilisations Museum, m'mphepete mwa mtsinje wa Singapore. Mmenemo muli katundu wa chombo chimene chinamira pafupi ndi chilumba cha Belitung ku Indonesia zaka zoposa 1,100 zapitazo. Asodzi amene ankamira pansi pa nyanja ndi amene anachipeza mu 1998. Chinapangidwa mwa luso la Aluya, matabwa ake osokedwa ndi zingwe popanda msomali ndi umodzi womwe, ndipo chinanyamula mbale ndi ziwiya zadothi pafupifupi 60,000 zochokera ku China, mu ulamuliro wa mafumu a Tang. Zambiri zinaumbidwa ku Changsha, ku China komweko.

Pali chikho chagolide chimene aliyense amachijambula, koma ine chinandigwira mtima ndi kapakiridwe ka mbalezo. Amalonda ankazisanja mozungulira, ina pamwamba pa inzake, m'kati mwa mitsuko ikuluikulu, ndipo n'chifukwa chake zambiri zinatuluka m'nyanja zosasweka. Ukayandikira umaona kuti iliyonse ili ndi chojambula chake, kambalame apa, duwa apo, mtambo pena, zolembedwa ndi dzanja lachangu la munthu amene anali ndi mbale zina mazanamazana zomudikira. Zinali mbale wamba zamalonda, zopita kwa ogula a kutali cha ku Persian Gulf. Zombo zoterezi zinkadikira mphepo ya monsoon kuti ziyende. Miyezi ina imawomba kuchokera kumpoto chakum'mawa, miyezi ina kum'mwera chakumadzulo, ndipo amalonda ankapita ndi ina n'kubwerera ndi inzake. Mphepo imene inandilowetsa m'nyumbamo tsikulo ndi yomweyo imene inachititsa kuti madoko a m'derali alemere.

Kuchokera pamenepo n'kufupi kukafika ku nyumba yoonetsera zojambula ya National Gallery, ngakhale apa pokha ambulera imafunika. Malowa anatsegulidwa mu 2015 m'nyumba ziwiri zakale, khoti lalikulu ndi City Hall, zimene anazilumikiza ndi denga lagalasi ndi timilatho tam'mwamba. Mu City Hall ndi mmene asilikali a Japan anagonjera pamaso pa Lord Mountbatten, mkulu wa asilikali wa ku Britain, pa 12 Seputembala 1945. Zojambula za ku Southeast Asia zilimo zambiri zedi, ndipo miyendo inatopa ndisanafike pakati. Tizipinda tiwiri timene ankasungamo oimbidwa milandu podikira kukaonekera kwa woweruza anatisiya mmene tinalili, ndi benchi yake ya simenti. Musatidumphe.

Ku paki ya Gardens by the Bay ndinadziseka ndekha. Kunja madzi akugwa aulere, ine n'kulipira kuti ndikaone mathithi am'nyumba! Komabe Cloud Forest ndi yoyenera ndalama yake. Anamanga phiri lotalika mamita 35 m'kati mwa nyumba yagalasi, n'kulikuta ndi zomera za m'mapiri ozizira, ndipo nthawi ndi nthawi amapopera nkhungu mpaka wa patsogolo pako osaoneka bwino. M'nyumba inzake, Flower Dome, muli zomera za kumadera ouma, kuphatikizapo milambe, itaima phee m'dziko limene payokha ikanavutika ndi chinyezi. Dziwani kuti kamlatho kam'mwamba ka pakati pa mitengo ikuluikulu yazitsulo ya m'pakiyi amakatseka kukakhala ziphaliwali, choncho kumeneko pitani m'mawa.

Ukaona madzi ochuluka chonchi akuthamanga m'ngalande, umadzifunsa kumene akupita. Singapore ilibe mitsinje ikuluikulu, ndipo ena mwa madzi ake imagula ku Johor, ku Malaysia, pa mgwirizano wa mu 1962 umene udzathe mu 2061. Ndiye mvula kwawoko ndi chuma. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nthaka yonse amatsetserekera m'madamu 17. Khoma la damu la Marina Barrage, lomwe linatsegulidwa mu 2008, linatseka pakamwa pa mtsinje kuti madzi amchere asalowe. Mvula ikachuluka nyanja ili yophwa, amatsitsa zitseko zake 9 kuti madzi atuluke okha. Ikachuluka nyanja itadzaza, mapampu 7 ndi amene amawakankhira kunja kuti pakati pa mzinda pasasefukire.

Malo amene ndinawakonda kuposa onse salipiritsa khobidi. Anthu pafupifupi 8 mwa 10 alionse amakhala m'nyumba zosanjikizana zomangidwa ndi boma, ndipo zambiri mwa nyumbazi pansi pake anangosiya pambalambanda, zipilala zokhazokha popanda zipinda. Mvula ikayamba, anthu amasonkhana pamenepo. Ndinakhala pa benchi n'kumaonerera azigogo awiri akusewera tchesi cha Chitchaina pa tebulo lamwala, anzawo ataima kumbuyo n'kumawauza zochita ngakhale sanafunsidwe. Mayi wina ankapukuta mwana tsitsi ndi mpango, wonyamula zakudya pa njinga yamoto akufinya masokosi. Pamalo omwewo ndi pamene mabanja achimalaya amachitira maukwati, Atchaina n'kukhalapo maliro. Mlendo akhoza kukhala nawo, bola asaloze kamera pamaso pa anthu osapempha.

Chapafupi nthawi zambiri pamakhala msika wa zakudya zophikaphika, wokhala ndi denga koma wopanda makoma, mafani akuzungulira pamwamba. Nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, UNESCO, inaika chikhalidwe cha misika imeneyi pa mndandanda wake mu 2020. Mukaona kapaketi ka tishu patebulo lopanda munthu, musakasunthe. Mwini wake wasungitsa malo, ali pamzere. Mvula ikamawomba malata phokoso limakhala lalikulu moti wogulitsa umangomulozera chimene ukufuna, ndipo mipando yam'mphepete imakhala yopanda anthu chifukwa mphepo imakankhira madzi m'mbale.

Tsiku lonyamuka mufike msanga ku bwalo la ndege la Changi. Nyumba ya Jewel, yomwe inatsegulidwa mu 2019, ili ndi mathithi otalika mamita 40 otsika pa dzenje la pakati pa denga, ndipo ena mwa madzi ake ndi amvula amene dengalo limatolera. Ili kunja kwa malo oonetsera mapasipoti, choncho muyambe kumeneko musanalowe m'kati, chifukwa mukadutsa pamenepo simubwereranso.