Mwera ukawomba, shuga ya bambo imakwera

Bambo anga ndi msodzi wa usipa kwathu ku Makanjira, ndipo ali ndi matenda a shuga. Ndalama pakhomo pathu imayendera nyanja. Mwera ukayamba cha mu June, maboti amakhala pagombe, ukonde wa chilimira uli wopinda, m'thumba mwauma.

Anthu amati kuchipatala cha boma n'kwaulere. N'zoona, mankhwala a shuga a Metformin bambo salipira. Koma njinga yamoto yopitira kukliniki si yaulere, ndipo tsiku limene apitalo ndi tsiku limene sitidya za m'nyanja. Chaka chatha anadumpha kliniki miyezi itatu. Mapiritsi atatsala pang'ono, anayamba kumwa limodzi m'malo mwa awiri kuti afike patali.

Kenako kunabwera kachifuwa. Tinkangoti n'kuzizira kwa usiku panyanja. Koma usiku ankadzuka malaya atanyowa thukuta, ndipo lamba wawo ndinaboola ndekha kabowo kena ndi msomali, thalauza itayamba kuvuka. Nditawauza kuti, "Bambo, tiyeni akakuoneni," anandiyankha kuti, "Mwana wanga, ndalama ya njinga ndi ya ufa wa sabata. Ndidikire kaye mwera uleke."

Mwera unaleka iwo akulephera kuima. Atayeza makhololo anapeza chifuwa chachikulu cha TB, shuga nayo ili m'mwamba, ndipo anawagoneka. Adokotala anatiuza kuti shuga ikakwera imafooketsa chitetezo cha m'thupi, moti wodwala shuga amagwidwa TB mosavuta kuposa ena, kuchiranso kumachedwa. Mankhwala a TB ndi a miyezi 6, osadumphitsa.

Mayi anakhala gadiyani masabata awiri, kugona pachitenje, kuphika ndi nkhuni zogula. Tinagulitsa mbuzi ziwiri ndi nyali za boti.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ndili ndi mnzanga mphunzitsi amene mayi ake ali ndi shuga yomweyi. Iwo ali ndi kamakina koyezera kunyumba, kliniki sadumpha, akangotsokomola mawa lake ali kuchipatala. Sanagonekedwepo. Bambo anga analangizidwa kuti achepetse nsima yoyera, azidya ya mgaiwa pang'ono ndi masamba ambiri, koma pakhomo pamene nsima ndiyo yokhutitsa ana asanu, mphika wapadera uchokera kuti?

Pano atsala ndi mwezi umodzi kuti amalize mankhwala a TB. Ndayamba kusunga kandalama ku banki m'khonde, ka njinga yokha basi, chifukwa June akubweranso.