Kudalira Mulungu Pamene Wapamtima Wakutembenukira

Munthu amene tinkamukhulupirira akatipereka, ambirife timathamangira mavesi olonjeza chipambano. Ine ndimapeza thandizo lalikulu m'nkhani ya Davide pothawa mwana wake Abisalomu amene anamuukira, yolembedwa pa 2 Samueli 15 mpaka 19. Mfumu inatuluka mu Yerusalemu n'kukwera Phiri la Azitona ikulira, itafunda kumutu ndiponso ilibe nsapato. Ili m'njiramo, inamva kuti Ahitofeli, phungu wake amene malangizo ake ankatengedwa ngati mawu a Mulungu, nayenso wagwirizana ndi oukirawo.

Pemphero la Davide pa nthawiyo linali lalifupi kwambiri, lopempha Yehova kuti asandutse uphungu wa Ahitofeli kukhala wopusa. Sanakhale manja lende atapemphera, chifukwa anabweza bwenzi lake Husai kumzinda kuti akasokoneze malangizo a phunguyo, ndipo zinachitikadi momwemo. Anthu ena amaphunzitsa ngati kuti wodalira Mulungu sayenera kuganiza kapena kudziteteza, koma nkhaniyi sikugwirizana nawo.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zinthu zimene Davide anakana kuchita. Wansembe Zadoki ndi Alevi atatuluka nalo Bokosi la Chipangano kuti limutsatire, iye analamula kuti alibweze, ponena kuti ngati Yehova amukomera mtima adzamubwezeretsa, ndipo ngati sakondwera naye, amuchitire chimene chimukomera. Simeyi, wa m'banja la Sauli, atamutukwana ndi kumugenda miyala, msilikali wake Abisai anapempha chilolezo chokamudula mutu, koma mfumu inamuletsa. Davide ankadziwa kuti nayenso anaperekapo Uriya, msilikali wake wokhulupirika, kotero sakanatha kudziona ngati wosalakwa pamaso pa Mulungu. Apa ndiye pamene ife timapunthwa, abale anga, pakuti tikapwetekedwa timafuna kuti Mulungu atsimikize msanga kuti olakwa ndi enawo, ndipo mapemphero athu amasanduka milandu yowasumira.

Kudalira kotereku sikunachotse ululu. Nkhondo isanayambe, Davide analamula atsogoleri a asilikali ake, Yowabu, Abisai ndi Itai, kuti asachite nkhanza kwa Abisalomu, koma Yowabu sanamvere, ndipo anamupha atamupeza atakodwa mumtengo. Ufumu unabwerera kwa mwini wake, komabe tsiku lachipambanolo asilikali analowa mumzinda mozemba ngati ogonja, chifukwa anamva kuti mfumu ikulirira mwana amene ankafuna kuipha.