Mmene ndinalowera m'bungwe la ochiza ndi nyimbo ku Britain

Achibale kumudzi akamva za ntchito yanga amaganiza kuti ndimangonyamula gitala n'kukasangalatsa odwala. Kuno ku Britain dzina loti music therapist, kutanthauza wochiza ndi nyimbo, ndi lotetezedwa ndi lamulo: ukadzitcha choncho usanalembetse ku Health and Care Professions Council, HCPC mwachidule, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo, wapalamula.

Ndinayamba ndi digiri ya masters, pakuti maphunziro ovomerezeka a ntchitoyi ali pamlingo umenewo. Amaphunzitsa m'malo ngati Guildhall ku London, Anglia Ruskin ku Cambridge ndi Queen Margaret ku Scotland. Ndili pasukulu pomwepo ndinalowa British Association for Music Therapy, BAMT, bungwe la ochiza ndi nyimbo, ngati wophunzira. Bungweli linabadwa mu 2011 pomwe mabungwe awiri akale anaphatikizana. Limodzi mwa iwo analiyambitsa ndi Juliette Alvin, mmodzi mwa oyambitsa ntchitoyi ku Britain, mu 1958.

Zotsatira zitatuluka ndinapita ku HCPC. Ndinadzaza fomu, kutumiza zitupa zosonyeza kuti ndinedi ine, kulengeza za thanzi langa ndi mbiri ya khalidwe langa, kenako kulipira. Amafunanso kuti ukhale ndi inshulansi yokuteteza zinthu zikalakwika pantchito. Nambala yanga itatuluka ndinabwerera ku BAMT kukasintha umembala kuti ndikhale wa ogwira ntchito.

Awiriwa musawasokoneze. HCPC ilipo poteteza odwala, ndipo popanda iyo sugwira ntchito. BAMT sakakamiza munthu kulowa, koma ndi yomwe yandigwira dzanja. Ntchitoyi ndi yosungulumwitsa. Kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimapita, wochiza ndi nyimbo ndine ndekha. Tsiku lina agogo ena odwala matenda oiwala, omwe ankangotsatira ng'oma yanga ndi chala chimodzi sabata iliyonse, anamwalira. Ndinasowa womuuza. Pamsonkhano wa mamembala a BAMT a m'dera lathu ndinapeza mayi wina amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri, ndipo anamvetsa ndisanamalize n'komwe kulankhula. Lero ndi amene amandiunikira pantchito yanga mwezi ndi mwezi.

Kudzera mu BAMT ndimawerenganso magazini ya British Journal of Music Therapy ndi kuona malo a ntchito omwe atsatsidwa.

Kalembera wa HCPC amakonzedwanso zaka ziwiri zilizonse, ndipo amasankha anthu 2.5 pa 100 alionse kuti aonetse umboni woti akupitiriza kuphunzira. Ndiye ndili ndi kope lomwe ndimalembamo maphunziro alionse ndi zomwe takambirana ndi mayi aja, tsiku lomwelo ndisanagone.