Sabata ya marimu ndi masipuling'i ku galaja

Sabata ino ndagwira tigalimoto ting'onoting'ono tokhatokha, vuto lake limodzimodzi. Lolemba kunabwera mnyamata ndi ka Mazda Demio, akuti bwana ikugunda ngati ngolo, mashokapu atha basi. Ndakweza pa jeke, mashokapu ali bwinobwino, osadontha mafuta olo pang'ono. Kuyang'ana matayala, wachotsa 175/65 R14 amene inabwera nawo waika 205/40 R17.

Ndinamukhazika pansi tiwerengere limodzi. Pa manambala a tayala, yoyamba ndi kukula kwake mulifupi m'mamilimita, yachiwiri ndi kutalika kwa labala wa m'mbali ngati peresenti ya yoyambayo, yomaliza ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. 65 peresenti ya 175 ndi mamilimita 114 a labala m'mbali mwa tayala, pomwe 40 peresenti ya 205 ndi 82 okha. Labala ameneyo ndi mpweya uli mkatimo ndi zimene zimayamba kumeza bampu shokapu isanamve n'komwe, ndiye ukachepetsa pamenepo kamwala kalikonse kakufika kumsana kwako, ndipo dzenje limodzi lokha rimu yapindika. Marimu a 17 amakhalanso olemera nthawi zambiri, kagalimoto kopepuka chonchi tayala likadumpha shokapu imavutika kulikhazika pansi. Tayala lonse linakulanso, mamilimita 596 kuchoka pansi kufika pamwamba m'malo mwa 583, moti spidomita imaonetsa liwiro locheperapo pa lenileni, iye osadziwa.

Sindinamunamize ayi, pa msewu wosalala matayala otere amagwiradi pakona, chiwongolero chimamva msanga chifukwa labala sakupindika kwambiri. Koma iye amayenda mosalala mokhamokha?

Lachiwiri kunali masevisi wamba, oyilo ndi mabuleki.

Lachitatu ndiye ndinapsa mtima. Honda Fit, munthu wina anaidulira masipuling'i ndi gulayinda kuti itsike. Ukadula sipuling'i imauma kuposa kale, shokapu imatsala ndi kampata kochepa koyendamo ndiye pa bampu iliyonse ikukagunda pa kalabala koimitsa shokapu ikafika pamapeto, kumbuyo kukudumphadumpha, pakona pokumbikakumbika matayala akusiya msewu. Sipuling'i imodzi ya kumbuyo imachita kugwedera pa mpando pake galimoto ili pa jeke! Mayi eni galimotoyo amanyamulamo ana tsiku ndi tsiku, zinandikhudza kwambiri. Ndinawauza kuti mayi, apa sindikonza china, tibwezeretse masipuling'i ake enieni, ngati mukufunadi yotsika pali masipuling'i opangidwira zimenezo ndi mashokapu ake ogwirizana nawo. Anavomera. Lachinayi tinamanga n'kupanga alayimenti, poti galimoto ikasintha msinkhu camber (kupendekeka kwa tayala) ndi toe (kumene tayala laloza) zimasuntha, matayala akutsogolo anali atadyeka kale mkati mpaka waya kuoneka.

Lachisanu wa Demio uja anabweranso atapeza marimu a 15, tinaika 185/55 R15, labala wa m'mbali 102, kukula kwake pafupifupi chimodzimodzi ndi oyamba aja. Mpweya anazolowera kupopa mopyola, ndinamuonetsa kasitika ka pachitseko cha dalaivala kolemba mpweya woyenera. Tinazungulira nayo limodzi pa mabampu, anangoti amasita, dashibodi yasiya kulira eti. Ma 17 aja anawalongedza ku buti, akuti akagulitsa.