Chipeso cha Alamu Anga Adazi

M'mwezi wa Ogasiti chaka chatha ndinapita ku Tucson, m'chigawo cha Arizona ku America, kukacheza kwa alamu anga amene amagwira ntchito ya unamwino kumeneko. Loweruka lina m'mamawa ananditengera ku Saguaro National Park, m'chipululu cha Sonoran, kuti ndikaone kakitasi (chomera chaminga cha m'chipululu) wamkulu wotchedwa saguaro, amene samera mwachilengedwe kwina kulikonse kupatula m'chipululu chimenechi, ndipo amatha zaka zoposa 50 asanatulutse nthambi yoyamba. Tikutuluka m'nyumba ndinaona alamuwo akuika chipeso m'thumba, ndipo ndinaseka chamumtima, pakuti mutu wawo ndi wosalala ngati dzira.

Langizo lawo linali limodzi lokha: "Alamu, kuno timaona ndi maso, manja azikhala m'thumba." Ine amene ndinakula ndikubudula nkhuni m'tchire la minga ndi chitedze ndinangoti akundiderera.

Titayenda pang'ono tinapeza kagulu ka nyama zooneka ngati nguluwe zazing'ono, zimene kumeneko amazitcha javelina, zikudya kakitasi wa masamba aphanthiphanthi wotchedwa prickly pear. Zinali kutafuna ndi minga yomwe, mosatekeseka, monga mwana amatafunira nzimbe. Alamu anafotokoza kuti nyamazi si nkhumba zenizeni, kuti madzi ambiri zimawapeza m'zomera zimenezi, ndiponso kuti siziona bwino koma zimamva fungo patali. Iwo akulankhula choncho, maso anga anali pa zipatso zofiira, zakupsa bwino, zimene zinandandalikana m'mphepete mwa masambawo, ndipo ndinadziuza kuti ngati chinyama chikudya tsamba laminga, munthu wophunzira sangalephere chipatso chosalala.

Ndinathyola chimodzi n'kuchiluma. Chimene sindinadziwe n'chakuti khungu la chipatsocho lili ndi timinga tating'ono ngati ubweya, tosaoneka bwino, tokhala ndi tingowe, moti tikalowa m'thupi sitifuna kutuluka. Tinadzaza m'zala, pamilomo ndi kunsonga kwa lilime, ndipo ndikunenetsa kuti chitedze ndi mwana.

Nditakuwa, nyama zija zinabalalika, ndipo imodzi, posaona kumene ikupita, inalunjika kwa ine. Ndinabwerera chafutambuyo, ndinapunthwa pamwala, n'kukhala pansi mwamphamvu pa chitsamba cha cholla. Kakitasi ameneyu zidutswa zake zimathothoka ukangozikhudza n'kukakamira pathupi, ndipo umo ndi mmene amafalikira, chifukwa chidutswa chikagwera kwina chimamera. Makoswe a m'chipululumo, otchedwa packrat, amatuta zidutswazo n'kutchingira nazo zisa zawo, koma iwo amatero mwaluso. Ine ndinadzuka ndi zidutswa zisanu kumbuyo kwa thalauza, ndipo nditayesa kuchotsa chimodzi chinangosamukira m'dzanja, kenako nditathandizira ndi dzanja linalo, nalonso linagwidwa.

Apa ndi pamene alamu anapisa m'thumba modekha n'kutulutsa chipeso chija. "Weramani, alamu," anatero, akuyesetsa kubisa chiseko. Analowetsa mano a chipesocho pakati pa chidutswa ndi thalauza n'kuchithothola, chimodzichimodzi mpaka zonse zinatha, ine ndili chiweramire pamaso pa alendo ena amene anaima n'kumafunsa mwaulemu ngati ndikufuna madzi.

Timinga ta pamilomo tinatitengera masana onse, alamu atavala magalasi, akuzula kamodzikamodzi ndi kapani kakang'ono. Madzulo ndinadya nsima choimirira, ndipo mayi akunyumba atandiimbira pa WhatsApp anafunsa ngati ndayamba kumwa, chifukwa mawu ankatuluka mopotoka. Tsiku lobwerera kumudzi, pabwalo la ndege, alamu anandipatsa kamphatso kokulunga bwino m'pepala, ndipo nditakatsegula m'ndege ndinapezamo chipeso chatsopano.