Tsiku limene wigi yanga inatulutsa anthu mu pulu

Ine ndili ndi ana atatu, onse aakazi, wachisamba ali ndi zaka 14, wapakati 10, mzime 5, ndiye mukaphatikiza holide ndi kutentha kwa masiku ano nyumba imasanduka bwalo la milandu, woweruza ndine, wapolisi ndine, wophika ndinenso. Pofika 7 koloko m'mawa ndimakhala nditaweruza kale milandu itatu, wina wavala siketi ya mnzake, wina waima kutsogolo kwa fani akutchinga mphepo, wina akulira ati "Amami uyu akundiyang'ana." Kungoyang'anidwa basi. Furiji imatsegulidwa ka 50 pa tsiku ngati mkatimo muli TV. Abambo awo amadzuka, kusamba, kunditsanzika ndi nkhope ya chisoni yonamizira, kenako ulendo ku ntchito mwendo uli m'mwamba, ndipo ndikukhulupirira kuti akangokhota pa kona paja amayamba kuimba likhweru.

Mankhwala ake ndi amodzi, kuwatulutsa akatope. Ku paki tinapita, ku laibulale tinapitanso koma anatipempha mwaulemu kuti tidzabwere tsiku lina chifukwa mzime anayamba kuimba pakati pa anthu owerenga. Nde Lachinayi lina ndinati lero tikupita ku pulu, kuja kuli silaidi yaitali yokhotakhota.

Kukonzeka kokha ndi ntchito ya tsiku lonse. Mathaulo anayi, mabotolo a madzi, zipewa, zovala zosinthira, mapulasitala, timatayala topopa ta m'mikono ta mzime, chikwama chimalemera ngati tikusamuka. Kenako nkhondo ya mafuta oteteza ku dzuwa. Wapakatiyu ndi uja amawerenga chilichonse, botolo, paketi, chikwangwani, ndipo akawerenga sasunga, amalengeza. Anandiuza kuti SPF 30, nambala ija ya pa botolo yosonyeza mphamvu ya mafutawo, imatchinga pafupifupi 97% ya kuwala kowotcha khungu kuja, SPF 50 imatchinga 98%, ndiye amami munangotaya ndalama pogula ya 50. Ati timayenera kudzola mphindi 15 tisanatuluke, ndi kubwerezanso maola awiri aliwonse, ndiponso dzuwa limaluma kwambiri kuyambira 10 koloko mpaka 4 koloko, zomwe zikutanthauza kuti nthawi yomwe ndasankha ndi yolakwika. Ndinangoti zikomo adokotala, kwerani galimoto. Mafuta amene ndinagulawo ndi aja okhala ndi zinc oxide, salowa m'khungu, amangokhala pamwamba, nde pa khungu lakuda ngati langali ndinatuwa mbuu ngati ndagwera mu phulusa. Wachisamba anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kundipempha kuti tikafika ndiziyenda kumbuyo pang'ono.

Tsopano za wigi. Ndinali nayo yatsopano, yaitali yofika pamsana, yakuda bii yonyezimira, ndinagulira ukwati wa msuweni wanga ndipo ndinali ndisanaikhute. Guluu sindinapake chifukwa kukatentha thukuta limamusungunula n'kumayabwa, ndinangodalira tizipeso tiwiri ta mkati ndi kalamba ka kumbuyo. Pansi pake panali zomwe timabisa tonsefe, mizere yolukidwa masabata asanu apitawo itayamba kale kumera tchire, ndi kachipewa komwe ndinadula ku sitokini yakale. Sindinadandaule chifukwa ine ku pulu sindilowa m'madzi. Udindo wanga umadziwika, kukhala pa mthunzi, kulondera zikwama, kuwerenga mitu itatu mphindi iliyonse, ndi kukuwa "osathamanga!" mpaka mawu kusasa.

Zinthu zinali bho mpaka pomwe ndinamva mzime akucheza ndi kamnzake kamene anangokapeza pompo m'madzi osaya. Kamnzakeko kanaloza mayi ake amene amasambira uku ndi uku ngati nsomba, kenako kanafunsa kuti nanga amayi ako ali kuti. Mwana wanga, amene ndinamunyamula miyezi 9, analoza ine n'kunena mokweza kuti "Awo ali apowo, sasambira, ndi okalamba, amangolondera nsapato."

Abale inu. Okalamba. Olondera nsapato.

Mtima unandipweteka kuposa m'mene unayenera kupwetekera, ndikuvomera. Ine ndinkasambira ndili mtsikana, ndinkapambana anyamata, ana awa amaona ngati ndinabadwa ndili kale ndi chikwama cha mathaulo paphewa. Ndinaimirira, ndinaitana wachisamba n'kumupatsa foni, ndati jambula, mayi ako akukakwera silaidi. Anati "Amami chonde musatero." Wapakati anati "Mukudziwa kuti..." ndinamudula, ndati lero sindikufuna kudziwa kanthu. Paja chakudza sichiimba ng'oma, koma changa chinaimba, ana awiri anandichenjeza, ineyo ndi amene ndinatseka makutu.

Pansi pa masitepe panali kachikwangwani kakuti osakwana mita 1.2 asakwere, ndiye mzime anatsala ndi achemwali ake akudumphadumpha kunyadira. Masitepe aja kuwaonera pansi amaoneka ochepa. Pofika pakati ndinali wefuwefu, mawondo ali njenjenje, tiana tikundidutsa mbali zonse tikuti "pepani amayi, pepani amayi", kena kanandifunsa ngati ndikufuna kamwana kanga kamene kasochera. Nditafika pamwamba ndinasuzumira pansi, ana anga akuoneka ngati nyerere, ndipo ndinamva mawu mumtima akuti bwerera. Koma kumbuyo kwanga kunali mzere wa ana khumi ndi kanthu, kutsika kukanakhala kuyaluka kwina.

Mnyamata woyang'anira pamwambapo anayang'ana tisheti yanga. Eya, ndinavala tisheti yaikulu ya abambo awo pamwamba pa chosambira, chifukwa chosambira chimenecho ndinagula ndisanabereke mzime ndipo pali zinthu zina zimene dziko siliyenera kuona. Anati "Amayi, tishetiyo ikuvutitsani, nsalu ya thonje ikanyowa imagwira pa silaidi, bola muvule." Ndinamuyang'ana ndi diso lija ndimayang'anira ana anga mu tchalitchi. Anangoti chabwino, gonani chagada, manja pachifuwa, miyendo mupingase. Ine kugona chagada pamaso pa anthu ndinaona ngati kudzichotsa ulemu, nde ndinakhala tsonga ngati ndili pa sofa, n'kudzikankha.

Poyamba zinayenda bwino, kamphepo kakundiwomba, wigi ikuuluka kumbuyo ngati mu kanema, ndinafika poganiza kuti ndikweze dzanja ndibayibitse ana. Pa kona yoyamba liwiro linachepa. Pa kona yachiwiri ndinaima. Kuima zenizeni, njii, pakati pa silaidi, ndipo silaidi yake ndi yosatseka pamwamba, aliyense amene anali pa pulu tsiku limenelo amandiona bwinobwino, mzimayi wotuwa mbuu atakhala m'mwamba ngati akudikira basi. Mnyamata uja ananena zoona, silaidi imaterera chifukwa cha madzi amene amadutsa pakati pa thupi lako ndi pulasitiki ija, tsono tisheti yonyowa inamata ngati chigamba, ndipo ine ndi thupi langali ndinatseka njira yonse, madzi anayamba kudzadza kumbuyo kwanga ngati damu. Ndinayesa kudzikoka ndi manja, kusuntha pang'onopang'ono ndi matako ngati mwana wophunzira kukwawa, silaidi ikulira kwiii kwiii. Kumwamba mnyamata akukuwa "Gonani amayi! Kwezani tisheti mugone!" Pansi mzime akukuwa "Amami atsakamira! Amami anga atsakamira!" monyadira ngati ndapambana mpikisano.

Ulemu unali utapita kale, nde ndinakwinyira tisheti m'khwapa, n'kugona chagada.

Zomwe zinachitika kenako sindingazifotokoze mwadongosolo chifukwa sindinazione. Damu lonse lija linandinyamula kamodzi. Ndimangokumbuka thambo, kona, thambo, kona ina, pakamwa pali yasa ndikuitana amayi anga omwe ali kutali, kenako khuvuu, m'madzi, mutu pansi miyendo m'mwamba. Ndinamwa madzi osachepera kapu ziwiri. Nditavuuka ndikutsokomola, maso akuwawa, ndinamva kuti kumutu kwapepuka komanso kukuzizira bwino, koma sindinaganizepo kanthu, ndinali otanganidwa ndi kuthokoza kuti ndili moyo.

Mpamene ndinamva kukuwa. Mzime, mwana wanga yemwe uja, ataima m'mphepete akuloza pakati pa madzi, "Khosweee! Khoswe mu pulu!" Kutembenuka, ndinaona chinthu chakuda chaubweya chikuyandama, chikuyenda pang'onopang'ono motsatira mafunde ochokera ku silaidi, tsitsi litatambasuka uku ndi uku, kalamba kaja kakukokeka kumbuyo ndendende mchira. Ndisaname, kwa kamphindi nanenso ndinachita mantha. Mayi wina anafunsa ngati khoswe angalowe m'madzi akuya chonchi, ndipo wapakati, adokotala athu, anayankha mokweza kuti makoswe amatha kusambira bwino kwambiri. Basi pomwepo anthu anati balalabalala. Azimayi kunyamula ana m'khwapa, bambo wina wamkulu thupi anatuluka m'madzi ngati wapsa ndi moto n'kusiya mkazi wake m'mbuyo, mayi uja wosambira ngati nsomba anali woyamba kufika pa mtunda. Woyang'anira wapansi analiza wenzulo katatu, aliyense atuluke.

Ndinagwira kumutu. Sitokini.

Apa ndiye panali pofunika nzeru, ndipo nzeru zomwe zinandibwerera ndi zoti ndikhale chete. Ndinatuluka limodzi ndi anthu onse, ndinadzifunditsa thaulo kumutu, ndinaima nawo m'mphepete ndikupukusa mutu ngati nanenso ndakhumudwa ndi ukhondo wa malo ano. Ndinafika ponena kuti "zoona izi, ndi ndalama zomwe talipira?" Ndinali wokonzeka kuitaya wigi imeneyo, ipite, sindikuidziwa, sitinaonanepo. Wachisamba anali atakhala pansi, foni ikadali m'manja, akuseka mopanda mawu misozi ili chuchuchu, ndinamuponyera diso lakuti ukangoyankhula ukagona panja.

Woyang'anira anabwera ndi ndodo yaitali ija ya kaukonde kumapeto, yomwe amachotsera masamba. Anayandikira mochenjera, anachigogoda kaye kamodzi kuona ngati chilumphe, anthu onse "eeeh!" kubwerera m'mbuyo. Kenako anachiwola n'kuchikweza m'mwamba, madzi ali ndondondo, ndipo chinalendewera pa ukondepo mainchesi onse 22 amene ndinawalipira. Kunangoti zii. Mnyamatayo anachitembenuza, anaona tizipeso, anaona kalebulo, n'kufunsa ndi mawu aulemu kwambiri, "Pepani, tsitsili ndi la ndani?"

Palibe anayankha. Azimayi angapo ndinawaona akugwira kumutu mwakabisira kutsimikiza kuti lawo lilipo. Ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga mitambo. Zikanatheka ndithu, tikanapita kwathu mwamtendere, koma mzime anayandikira ukonde uja, anapendeketsa mutu, nkhope yake inawala, "Si khoswe! Ndi tsitsi la amami! Amami tsitsi lanu ili! Limagona pa mpando ku chipinda!" Ndipo pofuna kuthandiza anthu amene sanamvetse, anabwera kudzakoka thaulo langa.

Kuseka kumene kunabuka pamenepo sindidzakuiwala. Bambo uja anathawa mkazi wake ndi amene amaseka kwambiri, pamene iyeyo ndiye anali ndi mlandu waukulu kuposa wanga. Ndinayenda masitepe asanu amene anatalika kuposa silaidi yonse, sitokini kumutu, nkhope yotuwa mawangamawanga, tisheti ikudontha, ndinalandira katundu wanga kuchokera mu ukonde ndi manja awiri, ndinathokoza, ndinamufinya ngati mopu. Gogo wina amene anakhala pa mthunzi nthawi yonseyi anandikodola n'kundinong'oneza kuti "Mwanawe, ine yanga ndimaisiya m'galimoto."

M'galimoto pobwerera munali fungo la pulu lokhalokha, ine ndikutsokomolabe. Ndinati mankhwala a klorini achuluka m'madzi amene aja, mpaka kukhosi kukuwawa. Wapakati anayamba, "Amami mukudziwa kuti fungo limenelo si klorini yekha? Limabwera klorini akasakanikirana ndi thukuta ndi mkodzo wa anthu, ndi zomwenso zimafiiritsa maso." Ndinakumbuka kapu ziwiri zija. Ndinaimika galimoto pambali kaye.

Vidiyo ilipo, ndi ya mphindi 3 ndi masekondi 40, ndinalamula kuti ifufutidwe ndipo wachisamba anaifufuta pamaso panga atatumiza kale kwa abambo ake, omwe anandiimbira kuchokera ku ntchito koma sanathe kuyankhula, ndimangomva kupuma ndi anzawo akuseka kumbuyo. Wigi ndinaichapa ndi shampu, sindinayerekeze kuiumitsa ndi dulaya chifukwa tsitsi lake ndi la pulasitiki likhoza kupsa, ndinangoiyanika pa chingwe kuseri, mpaka pano yapotana mbali imodzi ndipo siibwereranso. Dzulo m'mawa ndikulongedza chikwama kuti tipite ku paki, mzime anabwera atainyamula ndi zala ziwiri pa kalamba paja, akuikoka pansi, n'kundifunsa ngati khoswe akupita nafe kapena atsala.